Chifukwa chiyani Leonard Cheshire analandira Victoria Cross?

Wofunsa: Akuluakulu, kodi Leonard Cheshire, woyendetsa ndege zoponya mabomba za Britain pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, anachita chiyani kuti alandire mendulo ya Victoria Cross, ulemu wapamwamba kwambiri umene Britain imapereka kwa asilikali olimba mtima, mu 1944?

Woyankha woyamba: Bambo, ulemuwo sunabwere chifukwa cha tsiku limodzi, koma chifukwa cha maulendo 100 m'zaka zinayi. Potsogolera gulu la ndege zankhondo lotchedwa 617 Squadron, ankauluka chapansi kwambiri adani akumuwombera, monga anachitira mumzinda wa Munich ku Germany, kuti aike zizindikiro zamoto pamalo oti anzake aphulitse.

Wachiwiri: Komabe tisaiwale anthu wamba amene anafa ndi mabombawo.

Wachitatu: Cheshire anaonereranso kuphulika kwa bomba la atomiki ku Nagasaki, ku Japan, mu 1945, ndipo mu 1948 anayamba kusamalira odwala kunyumba kwake ku Hampshire, ku England, komwe kunayambira Cheshire Homes, nyumba zosamalira odwala ndi olumala, zimene zinafika mpaka ku Malawi ndi Zambia.