Ndiike injini ya petulo kapena mota ya batire pa njinga yamatayala atatu?

Moni nonse abale. Ndili ku Ulónguè, ku Angónia, kuno ku Mozambique. Ndili ndi njinga yopalasa yamatayala atatu yomwe ndimanyamulira matumba a kachewere kupita nawo kumsika, nthawi zina anthu awiri ndi katundu wawo. Pamalo athyathyathya palibe vuto, koma zitunda zakwathu kuno mukuzidziwa. Ndikasenza matumba atatu ndimatsika n'kumakankha, thukuta lili kamukamu, madzulo maondo ngati si anga.

Wowotcherera wina akuti andimangirira kainjini ka 80cc, kaja kosakaniza petulo ndi oilo. Mlamu wanga akukana, akuti ndigule mota ya 48V yolowa pagudumu lakutsogolo. Ineyo mtima uli pa petulo, chifukwa kwathu magetsi kulibe, kasola kanga n'kotchajira foni basi.

Amene munayesapo, tcheni ndi masipoko zimapirira? Chikundiopsa kwambiri ndi mabuleki. Anga ndi amphira aja, potsetsereka mvula ikagwa amangolira osagwira. Nanga apolisi apamsewu sadzayamba kuiwerenga ngati txopela, njinga yamoto yamatayala atatu yonyamula anthu ija, n'kumandifunsa laisensi? Mundiuzeko ndi mtengo wake m'mameticais, ndisanagulitse mbuzi zanga.