Amayi akukana kubwerera ku gulu la odwala sitiroko, ndiwakakamize?

Abale anga m'gulu muno, ndithandizeni maganizo. Amayi anga anadwala sitiroko miyezi inayi yapitayo. Inawagwira mbali ya kumanja, dzanja silifumbata, mawunso amatuluka movutikira. Kuyenda ayamba, ndi ndodo. Kuchipatala anawaika pa gulu la anthu 7 lokumana kawiri pa sabata, komwe amaphunziranso kuvala, kusamba ndi kugwira supuni. Amati occupational therapy, si mafizo a miyendo aja ayi.

Koma oyendetsa gululo ndi ana asukulu amene ali pa pulakitiko, katswiri amangosuzumira apo ndi apo. Amayi akhala telala zaka zoposa 30. Lero mtsikana wa msinkhu wa mdzukulu wawo akuwapatsa mapegi kuti azipana pa chingwe, akapana limodzi n'kuwaombera m'manja ngati mwana. Lachinayi ndinawaona akulimbana ndi batani la bulauzi, anthu onse maso ali pa iwo, misozi ili lengelenge. Pobwerera anangoti, "Basi." Ophunzirawo amasinthanso, akangozolowerana kwabwera ena, mafunso omwewo kuyambira pachiyambi.

Ndiwachotse tizichitira kunyumba? Kapena akungoyeserera pa amayi anga?

Yankho 1:
Achemwali, ntchito imeneyi ndi yanga, ndipo ndinadutsa momwemo. Bungwe la akatswiriwa padziko lonse, WFOT, limafuna kuti wophunzira agwire ntchito ndi odwala maola osachepera 1,000 asanamalize, koma moyang'aniridwa. Ndiye funsani dzina la wowayang'anira, mukumane naye. Ndi ufulu wanu, monganso ndi ufulu wa amayi kukana wophunzira amene sakumasuka naye. Mapegiwo si masewera, amalimbitsa kutsina kwa chala chachikulu ndi cholozera. Cholakwika n'choti sanafunse kuti amayi ndi ndani. Auzeni kuti ndi telala, awapatse nsalu yopinda, tepi yoyezera, mabatani akuluakulu. Ndipo musawasiyitse pano. Miyezi 3 mpaka 6 yoyambirira ndi imene ubongo umaphunziranso msanga, malinga ngati dzanjalo likubwerezabwereza ntchito.

Yankho 2:
Ine ndine wodwala, chaka chachiwiri tsopano. Sabata zoyamba ndinkadana nalo gulu. Amene anandiphunzitsa kuvala malaya si dokotala, ndi bambo wina wa m'gulu momwemo: yamba kulowetsa mkono wofookawo, povula uzimalizira womwewo. Kunyumba akanangondiveka.

Yankho 3:
Zowaombera m'manja akuluakulu nanenso zimandinyansa, anawo auzidwe. Koma misoziyo musaiderere. Pafupifupi mmodzi mwa atatu amene adwala sitiroko amagwidwa ndi matenda a kukhumudwa, ndipo ali ndi chithandizo. Atchulireni adokotala. Chinanso, powadzutsa musamakoke mkono wofooka, phewa limaguluka.

Mwini funso:
Zikomo nonse. A Yankho 2, mwandichititsa manyazi, ndine amene ndimawaveka m'mawa uliwonse chifukwa chothamangira kuntchito. A Yankho 1, ophunzira akamasinthana amasiyirana zolemba za wodwala? Ndikufuna ndikapita Lachiwiri ndikadziwe chofunsa. Tepi yawo yoyezera ndaipeza m'dirowa ya makina, koma sindinawaonetse, ndikuopa kuti mwina iwaliritsanso.