Laputopu ya mwana wa ku koleji: i7 yakale, i5 ya ex-UK kapena yatsopano ya mkatoni?

Malume_wa_ku_25

Moni nonse muno. Abale ndithandizeni nzeru, ine za makompyuta ndimangodziwa poyatsira ndi pozimitsira basi. Mwana wa mchemwali wanga amutenga ku Bunda nde mukudziwa kale zikatere zimagwera malume, fizi tikusonkherana koma laputopu andiuza kuti ili pamutu panga. Loweruka ndinazungulira mtauni ndipo ndalama yomwe ndili nayo ikukwana imodzi mwa zitatu izi.

Yoyamba ndi HP EliteBook 840 G3, Core i7, RAM 8GB, hadi disiki 500GB, Windows 10, yasiliva yooneka bwino kwabasi. Yachiwiri Lenovo ThinkPad T480 koma ndi i5, RAM 8GB, SSD 256GB yokha, yakuda bii ndipo pakona pena inakalika. Yachitatu ndi yatsopano ya mkatoni, Celeron, RAM 4GB, iyiyo akupereka waranti.

Mnyamata wogulitsa akuti ankolo musachedwe tengani i7, 7 ndi wamkulu kwa 5 komanso malo ake ndi ambiri. Koma mnzanga kuntchito akuti Windows 10 inatha. Nde kutha kwake ndi kotani, tsiku lina idzangozima? Mtsikanayu akufunika ya zaka zinayi, sindidzagulanso ina ine.

Tekinishani_Limbe

Ankolo musapupulume, bwezani kaye ndalamayo mthumba. Mnyamatayo mwina sakunama dala koma nkhani ya i7 ndi imene anthu ambiri akumenyedwa nayo mtauni. Chofunika si sitika ija ayi, ndi nambala yomwe imabwera kutsogolo kwake. 840 G3 imakhala ndi i7 ya 6500U kapena 6600U, 6 woyambayo akutanthauza jenereshoni yachi 6, za mu 2015 kupita 2016 zimenezo, ndipo ili ndi ma core awiri okha, ma core ndi timainjini tomwe timagawana ntchito mkati mwa purosesa. T480 inatuluka 2018, i5 yake nthawi zambiri ndi 8250U kapena 8350U, jenereshoni yachi 8, ma core anayi. Ndekuti i5 imeneyo ikuisiya kutali i7 ya bwana wogulitsayo, sizoyandikana nkomwe. Intel inachita kusintha zinthu pa jenereshoni yachi 8 pomwepo, nchifukwa chake ife okonza timati mzere wadutsa pamenepo.

Kenako nkhani ya hadi disiki. 500GB ikumveka yambiri inde koma mkati mwake muli mbale yozungulira, imachedwa kuyaka, mwana adzayatsa nkupita kukatunga madzi kubwera ikadali kuganiza, ndipo ikangogwa pa bedi ili yoyaka kapena kugunda mminibasi ntchito yonse ya semesita yapita. Zomwe zimabwera pa benchi panga anthu akulira ndi ma assignment zambiri ndi zimenezi. SSD ilibe chozungulira. 256GB ya ma PDF, Word ndi ma slide ndi yokwana, chomwe chimadzaza laputopu za ana asukulu ndi ma series aku Korea osati manotsi kkkk.

Za Windows 10 mnzanuyo akunena zoona koma siizima ayi. Microsoft inasiya kuitumizira ma apudeti a chitetezo pa 14 October 2025. Inalengezanso kapulogalamu kena kotchedwa ESU kotalikitsa ma apudeti a chitetezowo kwa kanthawi chabe, kakatha anthu wamba basi mwatsala nokha. Windows 11 imafuna kachipu ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa ya Intel ya jenereshoni yachi 8 kupita mtsogolo, nde T480 ikulowa bwinobwino pomwe G3 ija ili kunja. Mwana akamafika chaka chachiwiri muli ndi makina oti eni ake anawataya kale. Tengani yakuda yokalikayo.

Che_Bwanali77

Aaa inu a Limbe musamaopseze anthu. Windows 10 inatha kwa azungu uko, kuno ayi. Lowani mmaofesi ambiri mupeza Windows 7 ikugwira ntchito mpaka lero, ija anati inatha mu January 2020, ndani wafa nayo? Ndipo tinene chilungamo, ndi angati muno amalola laputopu kupanga apudeti? Aliyense akangolumikiza hotspot chinthu choyamba ndi kutseka ma apudeti poopa kuti bandulo yamwezi ithera tsiku limodzi. Nde tikulira chani pa chinthu choti sitimachigwiritsa ntchito nkale.

Ine ndikanatenga HP. Ma HP ndi mbwee muno, chaja ikapsa mupeza paliponse olo ku Mitundu komweko, sikirini ikasweka ma spare ndi osasowa. Komanso ndi mtsikana uyu, mukampatse chikuda chokalika anzake ali ndi zonyezimira? Windows 11 yo anyamata amaikakamiza ndi kapulogalamu kotchedwa Rufus pa makina alionse, mphindi 30 yalowa.

Tekinishani_Limbe

Che Bwanali, kukakamiza ndi Rufus ndimapanga ndine tsiku ndi tsiku, sindikukana kuti imalowa. Koma Microsoft inanena poyera kuti makina okakamizawo sakulonjezedwa ma apudeti, ndipo ikabwera version yatsopano nthawi zambiri mwana ayenera kubweranso kwa ife tikamuikirenso, ndalama ina imeneyo. Pa chaja mwalasa pang'ono, koma T480 imachaja ndi USB-C, masiku ano si yosowa.

Pomwe ndingakuvomereni ndi apa: atati ankolo aikonda HP, afunse 840 G5, zambiri mwa zimenezo ndi jenereshoni yachi 8 ndipo ndi makina abwino. Ine ndewu yanga si ya HP ndi Lenovo, ndi ya chaka.

NaPhiri_Leeds

Malume moni. Ine si katswiri koma ndili kuno komwe katunduyu amachokera nde ndiponyepo. Mawu oti "ex-UK" asakukomereni mkhutu. Makampani kuno amasintha makompyuta pakapita zaka zingapo, ndipo mmene Windows 10 imatha ambiri amachotsa makamaka aja osalowa Windows 11. Nde mukaona ma jenereshoni 6 ndi 7 achuluka mtauni pamtengo wokoma dziwani kuti ndi kaunjika weniweni, belo lafika, ndipo mu belo mwabwino mumakhala mochepa, muyenera kusankha nokha ndi maso.

A Bwanali mwafunsa kuti ndani wafa nayo. Mu May 2017 vairasi ya WannaCry inagwira makompyuta a NHS, zipatala za boma za kuno, zipatala zina zinabweza odwala, ma opaleshoni kuimitsidwa, ndipo chomwe inalowera ndi makina omwe sanalandire apudeti yomwe Microsoft inali itatulutsa kale mu March chaka chomwecho. Inde mwana wa ku Bunda si chipatala, koma mu laputopu momwemo ndi momwe adzalowere ku imelo, ku portal ya sukulu, mwinanso ku banki. Zoti sitinamve wina akudandaula sizitanthauza kuti anthu sakuberedwa.

China chomwe sichinatchulidwe: zina mwa laputopu zamakampanizi zimabwera zili ndi pasiwedi ya BIOS (masetingi a makinawo omwe mumalowa Windows isanayake) yomwe wogulitsayo saidziwa, zina mukaika Windows yatsopano nkulumikiza intaneti zimatulutsa dzina la kampani yakuno nkumafuna imelo ya wantchito wawo. Mchimwene wanga zinamuonekera, wogulitsa anangoti katundu wogulidwa sabwezedwa. Musalipire musanaone kuti BIOS ikutseguka.

Mai_a_Tadala

Koma inu nonse bwanji mukuinyoza yatsopanoyo? Ine zinthu zogwiritsa kale ntchito ndinasiya, sudziwa kuti mwini wake anaitayiranji. Yamkatoni ili ndi waranti, batire yake ndi yatsopano, ikavuta mumabweza. Mwanayu akukalemba ma assignment sakukapanga mafilimu. Mtendere wa mumtima nawonso ndi ndalama abale.

Wa_Poly_4th_year

Amayi pepani koma Celeron ya 4GB ayi, ndikukupemphani mmalo mwa mtsikanayo. Mnzanga wa mu room anabwera nayo first year yonyezimira bwino, kutsegula Chrome ma tab asanu ndi Word pamodzi basi yauma, amachita kubwereka yanga usiku ine ndikagona. 4GB ndi pomwe Windows 11 imayambira kungoti iyake, nanga ntchito igwirira pati. Ku Bunda chaka chomaliza kuli research, adzafuna mapulogalamu owerengera data ngati SPSS kapena R, ena a mapu a GIS, pamenepo ndi pomwe adzaitukwane. Ndipo zambiri zotchipazi RAM yake ndi yowotcherera pa bodi simungaonjezere, pomwe T480 ili ndi malo awiri a RAM, malume akadzapeza kangachepe chaka chamawa aonjezera 8GB ina zatheka.

Koma ankolo ine ndikuuzeni zomwe akuluakuluwa sakunena, za ku hostel. Nambala wani ndi batire. Magetsi akapita madzulo mawa kuli test, amene ali ndi batire ya maola anayi ndi mfumu, enafe timakanganirana soketi imodzi ku library. i7 ya batire yakufa ndi desktop basi. Ubwino wa T480 ili ndi batire yakunja yochotseka ndi dzanja, zambiri zimakhalanso ndi ina yamkati, yakunjayo ikatopa mumagula ina nkulowetsa osamasula sikuluu.

Chachiwiri mafulashi. Vairasi yomwe imatisautsa ife si za WannaCry zo ayi, ndi ija ya shortcut yotengera ku stationery pokapulinta, mafayilo onse amasanduka ma shortcut. Mumuuze asamazimitse Windows Defender olo anzake amunamize bwanji pofuna kuika magemu, ndipo ntchito yofunika azidzitumizira pa imelo kapena Google Drive. Chachitatu akuba. Apa ndiseke pang'ono, chikuda chokalika chomwe Che Bwanali akuchinyozacho ndi chomwe chimatsala pa tebulo zonyezimira zikamasowa kkkk. Mulembe serial number penapake musanampatse.

penguin_mzuzu

Nonse mukuzungulira. Tengani yotchipa mwa zonsezo, ikani SSD, fufutani Windows muike Linux Mint. Ndi yaulere, ya shortcut ija siigwira, za TPM kulibe, LibreOffice yolowa mmalo mwa Word ndi Excel ilimo kale. Makina a 2012 akuthamanga bwinobwino kwanga kuno.

Wa_Poly_4th_year

Akulu a Linux afika kkkk timakudikirani. Man, mwana wa first year woti kwawo sanagwirepo kompyuta mumpatse Mint, lecturer atumiza template ya Word ma table onse abalalika, group work anzake onse ali pa Office, pulinta ya ku stationery yakana, adzaimbira ndani? Inuyo ku Mzuzu? Kwa inu ndi ine ndi zabwino, R imayendanso bwino pamenepo sindikana, koma uyu mulekeni adziwe kaye zomwe aliyense womuzungulira akugwiritsa ntchito.

Malume_wa_ku_25

Zikomo kwambiri nonse, ndaphunzira zambiri kuposa zomwe ndinafunsa. Amayi a Tadala mfundo yanu ya waranti inandigwira ndithu poti ndi yomwe mlamu wanganso akukakamira, koma zikuoneka kuti ndipita ku yakudayo. Tsono a Limbe, ine munthu wosadziwa ndikafika pa shopu ndiyang'ane chani kwenikweni? Batireyo ndiidziwa bwanji kuti ili moyo, poti pa shopu imakhala ili pa chaja nthawi zonse ndipo mnyamatayo akuti imakhala maola 6.

Tekinishani_Limbe

Maola 6 amanena aliyense ankolo, musamvere pakamwa. Pitani ndi nthawi, osati mukuthamangira minibasi. Mukafika muuzeni achotse chaja muione ikuyaka payokha. Kenako atsegule Command Prompt alembe powercfg /batteryreport, itulutsa kafayilo, mmenemo yang'anani mizere iwiri, DESIGN CAPACITY ndi FULL CHARGE CAPACITY. Woyamba ndi mphamvu yomwe batire inabadwa nayo, wachiwiri ndi yomwe yatsala. Ngati wachiwiri wafika theka la woyamba batireyo yatopa, mutsitse mtengo kapena akusinthireni. Pa T480 muyembekezere kuona mabatire awiri pa lipotilo, mukaona imodzi funsani kuti yamkati ilimo kapena ayi, poti zina zinatuluka zopanda ndipo zina anthu amazula. Akakana kupanga zimenezi tulukani, mashopu ndi ambiri.

Purosesa musawerenge pa sitika, masitika amamata. Alowe ku Settings, System, About, muwerenge nokha kuti i5-8250U kapena 8350U ndi RAM 8GB. Pomwepo muona ngati ndi Windows 11, ngati ikadali 10 auzeni akuikireni musanachoke, asakulipiritseni zambiri ndi ntchito yochepa. Tsegulani Notepad mudinde batani lililonse la kiyibodi limodzi limodzi, zochokera kunja zina zizindikiro zimakhala malo osiyana koma bola zonse zikulemba. Kamera ndi maiki muyese poti makalasi ena amapangira pa intaneti, WiFi mulumikize hotspot ya foni yanu, ma USB onse mulowetse fulashi. T480 ili ndi mabowo awiri a USB-C mbali yakumanzere, onse awiri ayenera kuchaja, yesani onse. Sikirini muitsegule ndi kutseka kangapo mumve ngati mahinji akulira. Ndi za BIOS zomwe anena achemwali a ku Leeds, poyatsa adinde F1, ikafunsa pasiwedi musagule olo atsitse bwanji.

Chaja ikhale yolembedwa Lenovo ya 45W kapena 65W, yolemerako mmanja, osati zopepuka zija. Risiti alembepo serial number ndi masiku omwe mungabweze, olo atakhala 30 okha. Ndipo pa chenji chotsalacho musagule mbewa ya magetsi amitundumitundu, mugulireni surge protector ndi chikwama chokhala ndi siponji, poti magetsi akamabwerera ndi pomwe machaja amapsa, ndipo msewu wa ku Bunda laputopu idzauyenda ili pamiyendo mminibasi.

Che_Bwanali77

Chabwino mwawina a Limbe, koma mtsikanayo akadzalira kuti ndi yonyasa musadzanditchule ine. Ankolo mugulireko ka sitika ka maluwa amate pokalikapo. Nanga G3 yo akuti zingati? Ine yanga ya mu shopu yongolembera ma invoice ndikhoza kuitenga.