Kodi makina apadera olizira matiraki pa siteji ndi oyenera kugula?

Wabesi:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo ndisanawononge ndalama za gulu. Bandi yathu ili ndi anthu anayi: wang'oma, wagitala, woyimba ndi ine. Wakiyibodi anatisiya, ndipo malipenga ndi mawu ovomereza amene ali m'nyimbo zathu zojambulidwa sitingawatulutse pa siteji popanda matiraki, kutanthauza zigawo za nyimbo zojambulidwa kale zimene timaliza tikuyimba. Pakali pano timaliza pa foni ya wang'oma, click (kugunda kosungira liwiro la nyimbo, kumene amamva wang'oma) kumanzere, zoyimbira zonse kumanja. Zimatheka ndithu, koma injiniya aliyense amene takumana naye amadandaula kuti sangatsitse malipenga popanda kutsitsanso kiyibodi, popeza zonse zimabwera pa chingwe chimodzi. Ndakhala ndikuyang'ana Cymatic LP-16, imene imaliza matiraki 16 kuchokera pa fulashi, iliyonse ndi bowo lakelake lotulutsira mawu, komanso Idoru P-1, imene ili ndi mabowo 6 ndipo imawerenga memori khadi. Kodi makina otere ndi oyenera ndalama zake, kapena tingogwiritsa ntchito laputopu imene tili nayo kale?

Wolumidwa Kale:
Achimwene, musagule. Ine ndinagula makina a mtundu umenewu, ogwiritsidwapo kale ntchito, kwa munthu wina amene sinditchula dzina lake ngakhale kuti mtima ukufunitsitsa. Pa zithunzi anali onyezimira, ndipo anandilumbirira kuti anawalizapo kawiri kokha. Atafika m'manja mwanga, mabowo awiri anali chete ngati manda, lachitatu limathetheka mukangogwedeza chingwe, ndipo batani losinthira nyimbo limafuna kulikanikiza katatu. Nditamuimbira anati vuto ndi fulashi yanga. Ndinasintha mafulashi atatu. Kenaka anati vuto ndi magetsi a kwathu. Tsiku lachitatu nambala yake inasiya kupezeka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo ndalama zimene ndinataya zikanagula laputopu yabwino ndithu.

Wapamiksa:
Pepani kwambiri, koma zimene mwafotokozazi zikutiuza za wogulitsayo, osati za makinawo.

Wolumidwa Kale:
Kwa amene wataya ndalama, ziwirizi sizisiyana.

Mkulu wa Matiraki:
Ine ndinasiya kalekale kudalira kabokosi kamodzi. Ndimayenda ndi malaputopu awiri, onse ali ndi pulogalamu ya nyimbo ya Ableton Live, ndipo onse amalowa mu chipangizo chotulutsira mawu chotchedwa PlayAUDIO12 cha iConnectivity. Malaputopu awiriwa amaliza nyimbo imodzimodzi nthawi imodzi, ndipo yoyamba ikangofa, chipangizocho chimasamukira chokha pa yachiwiri, mwakuti omvera sadziwa n'komwe kuti chinachake chachitika. Ndili ndi mabowo 10 opita ku miksa, kuwonjezera pa la mahedifoni, ndipo kompyuta yomweyo imatumiza mauthenga a MIDI osintha mawu a gitala pa nthawi yake popanda wagitala kuponda kalikonse. Ndayimba pa masiteji akuluakulu ambiri ndipo sindinachitepo manyazi. Amene akufuna kuonedwa ngati katswiri ayenera kuyambira pamenepa.

Kagitala:
Bambo, munthu wafunsa za njinga, inu mwamuyankha za ndege.

Mkulu wa Matiraki:
Ndayankha za ntchito yapamwamba. Ngati ena akukhutira ndi zochepa, limenelo si vuto langa.

Wosunga Thumba:
Nonsenu mukufuna kumusaukitsa mnzathuyu. Gulani Boss RC-5 basi. Ndi kapedo kakang'ono koponda ndi phazi, kamasunga maola 13 a nyimbo m'malo 99, ndipo mumangokalumikiza ku kompyuta ndi chingwe cha USB n'kuikamo mafayilo a WAV. Kalibe mauthenga olowa, kalibe intaneti, ndipo sikadzakuuzani kuti kakufuna kudzikonza kaye pakati pa nyimbo. Mtengo wake sufika n'komwe pa gawo limodzi la magawo anayi a makina amene mukutchulawo.

Kagitala:
Gawo limodzi la magawo anayi? Pamene ine ndinafunsa, kusiyana kwake sikunali kwakukulu choncho, kanali pafupifupi theka. Kapena inu munagula kwa wogulitsa wa Wolumidwa Kale uja?

Wapamiksa:
Mtengo tiusiye kaye. Kapedoko kali ndi mabowo awiri okha otulutsira mawu. Mukaika click ku limodzi, zoyimbira zonse zibwereranso pa chingwe chimodzi, ndiye kuti Wabesi alipira ndalama kuti akhale pomwe ali kale ndi foni. Dandaulo la injiniya likhala lomwe lija.

Koma ndilankhuleko ngati munthu amene amakhala kuseri kwa miksa, chifukwa mbali imeneyi palibe amene waikhudza. Matiraki 16 amamveka okoma powerenga, koma funsani kaye kuti mudzawalowetsa pati. M'malo ambiri ang'onoang'ono miksa yonse imakhala ndi matchanelo 12 kapena 16, ndipo ng'oma zokha zimatenga anayi kapena kuposerapo, kenaka besi, gitala ndi maikolofoni a oyimba. Mukafika ndi zingwe 16, ine ndikuyang'anani, ndikupatsani matchanelo atatu otsala, ndipo mudzayamba kusakaniza matiraki anu mothamanga anthu atayamba kale kulowa. Walira mvula walira matope. Kwa bandi ya anthu anayi, chimene ine ndimafuna ndi ichi: kiyibodi pa zingwe ziwiri, malipenga pachingwe chawo, mawu ovomereza pachingwe chawo, ndipo click ipite kwa wang'oma yekha, isayandikire n'komwe masipika a kutsogolo. Zimenezi ndi mabowo asanu, choncho makina a mabowo 6 akukwanirani, ndipo limodzi litsala loti muikepo mawu owerengera poyambira nyimbo.

China, chilichonse chimene mungagule, musaiwale DI box, kabokosi kamene kamakonza mawu kuti ayende bwino pa chingwe chachitali chopita ku miksa. Chingwe chochokera pa bowo la mahedifoni la foni kapena laputopu sichinapangidwire mtunda wautali, chimatola phokoso panjira. Laputopu ikakhala pa chaja, kawirikawiri pamamveka kulira kwa magetsi kwa 50 Hz kapena 60 Hz, ndipo batani la ground lift pa DI box nthawi zambiri limathetsa vutolo. Komanso miksa imatha kutumiza 48V pa chingwe cha XLR, mphamvu yopatsira maikolofoni ena, ndipo simungafune kuti mphamvu imeneyo ifike pa bowo la laputopu yanu. DI box yokhala ndi thiransifoma imatchinga zimenezo.

Wolumidwa Kale:
Mwaona? Mwagula makina, tsopano mugulenso ma DI box. Mawa adzati mugule bokosi lonyamulira. Ndalama zimatha chonchi.

Wang'oma Wakale:
Popeza amene amamva click ndi ife a ng'oma, lolani tilankhuleko, chifukwa nthawi zambiri amagula ndi wabesi koma wovutika ndi wang'oma. Ine ndimagwiritsa ntchito Roland SPD-SX, imene inatuluka mu 2011. Ili ndi malo 9 omenyapo ndi ndodo, ndipo ndikafuna kuyambitsa nyimbo ndimangomenya pamodzi, osatula ndodo pansi kukasaka batani pa foni ndi chala chonyowa ndi thukuta. Ili ndi mabowo a main awiri, a sub awiri, ndi la mahedifoni, choncho ndimatha kutumiza kiyibodi kwina, malipenga kwina, click n'kutsala m'makutu mwanga. Ubwino wina ndi wakuti nyimbo zikakhala zopanda matiraki, chipangizocho sichingokhala, ndimachimenya ngati chida choyimbira. Chovuta chake n'chakuti memori yake ndi 2 GB yokha.

Kagitala:
Ndi 4 GB. Mnzanga ali nayo ndipo ndinaona ndi maso anga.

Wang'oma Wakale:
Yanga ndi 2 GB, mwana wanga, ndipo ndakhala nayo zaka zambiri.

Wapamiksa:
Nonse mukunena zoona, zoyambirira zinali za 2 GB, zotsatira zinabwera ndi 4 GB, ndipo SPD-SX Pro ya mu 2022 ili ndi 32 GB. Komabe nkhani ya memoriyi musaikulitse. Fayilo ya WAV ya stereo pa 44.1 kHz ndi 16-bit imadya pafupifupi 10 MB pa mphindi, ndiye kuti 2 GB ndi maola opitirira atatu a tiraki imodzi. Mukagawa nyimbo iliyonse m'matiraki atatu m'pamene malo amayamba kuchepa.

Wosunga Thumba:
Nanga bwanji osangoika MP3? Fayilo ya 320 kbps imadya pafupifupi 2.4 MB pa mphindi, ndipo palibe womvera amene angasiyanitse ali m'kati movina.

Mkulu wa Matiraki:
Ine ndimasiyanitsa ngakhale ndili kunja kwa holo.

Wapamiksa:
Za makutu anu sinditsutsa, bambo, koma chifukwa chenicheni chopewera MP3 ndi china. Popanga MP3 pamawonjezeka kachete kakang'ono koyambirira kwa fayilo, ndipo mukakhala ndi mafayilo angapo oti ayambe limodzi, kapena chigawo choti chizibwerezedwa, kachete kameneko kamasokoneza. Makina ambiri a mtundu umenewu amafunanso WAV basi.

Watsopano:
Pepani, ndine wongoyamba kumene. Kodi sizingatheke kutumiza nyimbo ku miksa pa Bluetooth kuti tichepetse zingwe? Foni yanga ilibe bowo la mahedifoni.

Kagitala:
Zingatheke ngati mukufuna kuti wang'oma amalize nyimbo lero, malipenga adzamalize mawa.

Wapamiksa:
Musamuseke, funso lake ndi labwino, ndipo vuto la bowoli lakhudza anthu ambiri chiyambire pamene iPhone 7 inatuluka yopanda bowolo mu 2016, makampani ena n'kutsatira. Achimwene, Bluetooth imachedwetsa mawu, nthawi zambiri kuposa ma millisecond 100. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, choncho kuchedwa kumeneko kuli ngati kumvera sipika imene ili mamita 34 kutali ndi inu. Pa nyimbo ya 120 BPM, kutanthauza kugunda ka 120 pa mphindi, kugunda kulikonse kumatenga ma millisecond 500, ndiye taonani kukula kwa gawo limene latayika. Kuwonjezera apo, m'holo yodzaza ndi mafoni kulumikizanako kumatha kudukaduka. Gulani kachingwe kosinthira kapena audio interface yaing'ono ya USB (kabokosi kotulutsira mawu), ndipo foniyo muziyiika pa airplane mode.

Mayi Wotsogolera Nyimbo:
Abambo inu mwakambirana za mabowo ndi zingwe, koma palibe amene wafunsa woyimba. Ine ndinayimbapo ndi matiraki kwa chaka chathunthu ndipo chimene chinanditopetsa si makina, koma kumangika. Anthu akadzuka n'kuyamba kuvina, mtima umafuna kubwereza kolasi kawiri kapena katatu, koma tiraki sidziwa kuti m'holo muli anthu, imangopitirira ulendo wake mpaka kumapeto. Tsiku lina ndinalowa mochedwa ndi mzere umodzi, ndipo mawu ovomereza anayamba kundiyankha ndisanafunse. Ndinamaliza nyimbo yonse ndikuthamangitsa mawu anga omwe. Choncho, achimwene Wabesi, musanalipire funsani ngati makinawo amalola kubwereza chigawo kapena kudumphira pa chigawo china mwa kuponda pedo, ndipo muyese zimenezo ndi woyimba wanu ali pomwepo. Kwa ine, ndalama zimenezo ndikanalipira wakiyibodi wamoyo, amene amandiyang'ana n'kudziwa kumene ndikupita.

Mkulu wa Matiraki:
Ableton Live imachita zonsezo, mayi. Ndimabwereza chigawo chilichonse mmene ndingafunire.

Mayi Wotsogolera Nyimbo:
Ndiye kuti pakufunika munthu woyang'anira laputopuyo usiku wonse. Ngati tikulipira munthu wachisanu, bwanji asangoliza kiyibodi?

Agogo a Siteji:
Ife tinkayimba ndi MiniDisc, imene Sony inatulutsa mu 1992, click mbali ina, nyimbo mbali ina, monga momwe mukuchitira ndi foni yanuyo. Inali ndi mabatani enieni ndipo munkatha kuilamula kuti iziima yokha nyimbo ikatha. Palibe injiniya amene anafa chifukwa chosatha kutsitsa malipenga. Tinkasakaniza bwino kunyumba, kumvetsera pa masipika akuluakulu poyeserera, n'kukonzanso mpaka zitakhala bwino. Ana inu mukufuna mabowo 16 chifukwa simukufuna kusakaniza.

Wosunga Thumba:
Agogo anena zoona. Ndipo ngati laputopu ilipo kale, ikanimo pulogalamu ya nyimbo ya Reaper, imene amakulolani kuiyesa masiku 60, mugule audio interface ya mabowo anayi, nkhani yatha. Zimenezi n'zotchipa kuposa zonse zatchulidwa pano.

Kagitala:
Poyamba paja munati kapedo ndiko kotchipa kuposa zonse. Komanso laputopu yathu inayamba kudziikira zatsopano yokha titatsala pang'ono kukwera pa siteji, ndipo tinayimba nyimbo zitatu zoyambirira opanda matiraki, tikuyang'ana kampira kakuzungulira pa sikirini.

Mkulu wa Matiraki:
N'chifukwa chake ndimayenda ndi awiri.

Wabesi:
Zikomo nonse. Ndaona kuti mabowo 16 sitikuwafuna, ndipo za DI box ndazilemba. Koma ndamuonetsa wang'oma wathu zokambiranazi ndipo tsopano akufuna SPD-SX, yoti igulidwe ndi ndalama za gulu koma izikhala kunyumba kwake. Woyimba wagwirizana ndi Mayi Wotsogolera Nyimbo ndipo akuti tisake wakiyibodi. Wagitala akuti foni ilibe vuto lililonse. Ine mtima udakali pa makina a mabowo 6, kungoti sindinapeze pano munthu amene anawagwiritsapo ntchito pa siteji. Ngati alipo, andiuze ngati amachedwa kuyamba nyimbo yotsatira, ndiponso ngati kuikamo nyimbo zatsopano n'kosavuta.

Wolumidwa Kale:
Ngati simukufunanso mabowo ambiri, anga aja ndikugulitsa. Otsalawo akugwira ntchito, ndipo ndinawalizapo kawiri kokha.