Kodi kutiitana ndondomeko italembedwa kale ndiye kutifunsa maganizo?

Mayi wa mwana wosamva:
Anzanga, ndigawireni nzeru. Mwana wanga wamkazi ali ndi ulumali wosamva, ndipo ine ndili m'komiti ya makolo pasukulu yake. Atiitana kumsonkhano wokambirana ndondomeko yatsopano ya maphunziro a ana aulumali. Koma chikalata chake chabwera chitalembedwa kale chonse, kwangotsala posaina. Oyankhula ndi akuluakulu a m'maofesi okhaokha, ndipo za womasulira chinenero chamanja sanazitchule n'komwe. Ndipite kodi? Mantha anga ndi akuti dzina langa likangokhala umboni woti makolo anafunsidwa.

Mphunzitsi wopuma pantchito:
Pitani amayi, koma musapite chimanjamanja. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, lomwe linavomerezedwa mu 2006, likunena pa ndime 4(3) kuti maboma azifunsa anthu aulumali, ndi ana omwe, kudzera m'mabungwe owaimira, polemba malamulo ndi ndondomeko zowakhudza. Sikuti wina wakuchitirani chifundo pokuitanani.

Mukangofika, funsani kuti ndi mbali ziti za chikalatacho zomwe zingathe kusinthabe. Akazemba funsoli, mwadziwa pomwe mwaima. Maganizo anu muwalembe, chifukwa za pakamwa zimathera m'holo momwemo, ndipo mupemphe kuti adzakuyankheni zomwe atenga, zomwe akana ndi zifukwa zake. Musaiwale za ndalama. Mawu akuti "mwana aliyense adzalandira thandizo loyenera" amakoma kumva, koma womasulirayo adzamulipira ndani?

Wowerenga ndi zala:
Aphunzitsi mwanena bwino, komabe ndiwonjezere china chomwe mwina chiwawa. Ine sindiona chibadwire. Kumisonkhano yotere kumadzaza makolo, aphunzitsi ndi akatswiri, eni akefe n'kukhala mmodzi kapena awiri pakona. Kholo limamudziwa mwana wake, sindikukana, koma silinakhalepo tsiku lonse m'kalasi momwe mphunzitsi akuloza pabolodi n'kumati "ichi muphatikize ndi icho". Ndiye amayi, tengani wamkulu wosamva amene anadutsa m'sukulu, akadziyankhulire yekha. Mwana wanunso mumufunse chomwe chimamusowetsa mtendere m'kalasi.

Za chikalatazo, ine anandipatsapo pepala pakhomo la holo ngati kuti ndiliwerenga ndi mphuno. Pemphani kuti chituluke msanga, mu Braille (zilembo za timadontho zowerenga ndi zala) kapena ngati failo yomwe pulogalamu yowerenga mokweza ya pakompyuta ingawerenge. Akangojambula masamba ngati zithunzi, pulogalamuyo imangokhala chete.

Mayi wa mwana wosamva:
Zofunsa mwanayo ndachita. Akuti iye akufuna anzake ocheza nawo ndi manja, pomwe chikalatachi chikukankhira ana onse kusukulu wamba. Nanga pamenepa?

Mphunzitsi wa kalasi yophatikiza:
Pamenepo ndiye pagona nkhani, mayi. Mu 1994, maboma 92 anasonkhana ku Salamanca m'dziko la Spain mothandizana ndi UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, n'kugwirizana kuti ana onse aziphunzirira limodzi m'sukulu wamba. Ine ndimagwirizana nazo. Koma pangano la 2006 lija, pa ndime 24, likutinso ana osamva athandizidwe kuphunzira chinenero chamanja, ndipo aziphunzitsidwa m'chinenero chowayenera. Mwana wosamva ali yekhayekha pakati pa anzake osadziwa manja, m'kaundula amaoneka kuti waphatikizidwa, chikhalirecho alibe womuuza ngakhale nthabwala.

Okhudzidwafe sitifuna zofanana ayi. Kholo la mwana woyenda panjinga ya aulumali likufuna khomo lotakasuka ndi chimbudzi cholowekamo, inu mukufuna chinenero, ine ndikufuna maphunziro ndi wondithandiza m'kalasi, poti ndondomeko ikasainidwa yonse imagwera pamutu panga. Kumsonkhanoko kapempheni kuti magulu akhale kaye paokhapaokha, osamva ali ndi womasulira wawo, kenako n'kukumana onse. Mukasakanikirana kuyambira pachiyambi, amene ali ndi maikolofoni ndi amene amalembetsa zake.