Kodi kuchuluka kwa oonera mpira kumasanduka bwanji ndalama za timu?

Msungichuma wa ku Dedza:

Ndine msungichuma wa timu ina yaing'ono ya mpira wa miyendo yomwe imasewera mu ligi ya m'chigawo chapakati, ndipo ndabwera pano ndi nkhani imene yagawa komiti yathu pawiri. Ena akufuna kuti tikweze mtengo wolowera pachipata chifukwa mafuta a galimoto, chakudya cha osewera ndi malipiro a oyimbira zonse zakwera, pamene ena akuti titsitse mtengowo kuti bwalo lizidzaza, ati ndalama zidzatsata anthu. Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri, koma palibe amene wandionetsa njira imene ndalamazo zimadzera. Kodi munthu amene waima kuseri kwa golo atalipira kangachepe, kapena amene akumvera pa wailesi osalipira kanthu, amaonjezera chiyani m'thumba la timu? Ndikupempha amene mukuzidziwa bwino izi kuti mundiunikire, chifukwa mwezi ukatha ndine amene ndimaima pamaso pa anyamata aja n'kuwauza kuti ndalama zawo zichedwa.

Mphunzitsi wopuma ntchito, Zomba:

A Msungichuma, anzanu amene akuti ndalama zimatsata anthu sakulakwitsa, kungoti ndalama zambirizo sizidzera pachipata. Woonera amapindulitsa timu kawiri. Koyamba ndi pamene akugula tikiti, ndipo kachiwiri, komwe n'kwakukulu, ndi pamene kampani yofuna kutsatsa malonda kapena wailesi ya kanema ikulipira kuti ifikire maso ake.

Onani zimene zinachitika ku England. M'chaka cha 1992 matimu akuluakulu anachoka mu Football League n'kuyambitsa Premier League, ndipo mgwirizano wawo woyamba woulutsa masewero ndi BSkyB pamodzi ndi BBC unali wa mapaundi 304 miliyoni pa zaka zisanu. Pofika 2015, Sky ndi BT Sport analonjeza mapaundi oposa 5.1 biliyoni pa zaka zitatu zokha, ndipo umenewo unali mtengo woonetsera masewerowo m'dziko lawo lomwelo, osawerengera zimene mayiko akunja ankalipira. Mabwalo awo sanakule mowirikiza chonchi. Amene anachuluka ndi anthu okhala pansi kuonera kanema kumapeto kwa sabata, kuphatikizapo ife amene timadzazana m'mavidiyo a m'maboma mwathu muno.

Mungati England ndi kutali, koma anansi athu anatsata njira yomweyo. Ligi ya PSL ya ku South Africa inagulitsa ufulu woonetsa masewero ake kwa SuperSport mu 2007 pa marandi 1.6 biliyoni pa zaka zisanu. Ku Tanzania, kampani ya kanema ya Azam inasaina mgwirizano wa zaka khumi woonetsa ligi ya dzikolo mu 2021 wa mashilingi 225.6 biliyoni, ndipo aliyense amene anaonapo mmene matimu a Simba ndi Yanga amadzazira bwalo la Benjamin Mkapa ku Dar es Salaam angamvetse chimene kampaniyo inkagula. Ngakhale kwathu kuno, TNM inayamba kuthandiza Super League mu 2007, ndipo mayina a Be Forward ndi Mukuru anamatidwa pa dzina la Wanderers monga mmene a Nyasa ndi FCB anamatidwira pa la Bullets, chifukwa matimu awiriwa ndi amene ali ndi khamu lalikulu la ochemerera. Inu mulibe SuperSport, koma wa golosale, wa chigayo kapena wogulitsa feteleza pa boma panu amawerenga chimodzimodzi asanavomere kuti dzina lake lilembedwe pa jezi.

Mayi wa ku Ndirande:

Aphunzitsi afotokoza bwino, koma ndikuona kuti adumpha sitepe imene imatipweteka kwambiri kuno, yomwe ndi kuwerenga anthuwo. Ine ndinathandizapo kugulitsa matikiti pabwalo lina, lomwe sindilitchula, kwa zaka zingapo. Ndinaona ndi maso anga tikiti ikulandiridwa pachipata osang'ambidwa, kenaka mnyamata akuizembetsa kunja kuti igulitsidwenso, mwina mpaka katatu. Ndinaonanso mzere wa anthu olowa ulere, aliyense ndi mawu ake akuti ndine mlamu wa wapampando, ndabwera ndi osewera, kapena ndanyamula ng'oma. Madzulo ake mipando yonse itadzaza, ndalama zimene tinkawerenga patebulo zinali ngati za bwalo lofika theka, ndipo mtima unkandiwawa poona osewera akudikirira panja pa ofesi nsapato zili m'manja.

Kumbukiraninso kuti zimene zatoleredwa sizipita zonse ku timu. M'masewero a Super League, akachotsa zolipira apolisi ndi ogwira ntchito pachipata, zotsalazo zimagawidwa pakati pa matimu awiriwo, eni bwalo ndi mabungwe oyendetsa masewero, kotero kuti timu imatenga gawo chabe la zimene ochemerera ake apereka.

Choncho, a Msungichuma, musanakangane za mtengo, yambani mwadziwa chiwerengero chenicheni cha anthu amene amabwera. Sindikizani matikiti a manambala otsatana, ng'ambani iliyonse pamaso pa mwini wake, ndipo lembani m'kope anthu olowa pa masewero aliwonse. Tsegulaninso kaundula wa ochemerera wokhala ndi manambala awo a foni, kuti amene akufuna azisonkha kangachepe mwezi uliwonse kudzera pa Mpamba kapena Airtel Money, ngakhale sabata imene timu ikusewera koyenda. Mukapita kwa mwini bizinesi ndi kope limenelo, mudzakhala ndi chinthu chomuonetsa. Mukangomuuza kuti anthu amatikonda, adzakuyamikirani n'kukuperekezani pakhomo.

Mnyamata wa ku Kasungu wokhala ku London:

Amayi anena zoona, ndipo ine ndingoonjezera pa nkhani ya mtengo, chifukwa kuno ndaona mmene mpira wa amayi wakulira. Kwa zaka zambiri matimu a amayi ankasewera pamabwalo aang'ono, matikiti ali otchipa kwambiri poyerekeza ndi a mpira wa abambo, ndipo makolo ankabwera ndi ana awo. Mu 2021 Sky ndi BBC anayamba kulipira kuti azionetsa ligi ya Women's Super League. Pa 31 July 2022, anthu 87,192 analowa m'bwalo la Wembley kudzaonera ndime yotsiriza ya chikho cha ku Ulaya pakati pa England ndi Germany, ndipo mu February 2024 timu ya amayi ya Arsenal inadzaza bwalo la Emirates ndi anthu oposa 60,000 pa masewero a mu ligi. Khamu linayamba kubwera mtengo uli wotsika, ndipo makampani anadza pambuyo.

Komabe kutsitsa mtengo pakokha sikungabweretse mayi ndi ana ake pamalo pamene palibe chimbudzi, pamene miyala imauluka timu ikagonja, kapena pamene chipata chili chimodzi chopapatiza. Sitinaiwale za pa 6 July 2017, pamene anthu asanu ndi atatu, ambiri mwa iwo ana, anafa popondana pa zipata za bwalo la Bingu tsiku limene kulowa kunali kwaulere. Amene akufuna khamu ayenera kukonzekera kulilandira. Maganizo anga ndi akuti musiye mtengo wa akuluakulu pamene uli, ana asukulu azilowa ndi theka, ndipo mukonze kachigawo kamthunzi kokhala ndi mabenchi ka mtengo wokwererapo ka amene angakwanitse.

Msungichuma wa ku Dedza:

Zikomo kwambiri nonse atatu. Ndavomereza ndi manyazi kuti pa zaka zonse zimene ndasunga chuma cha timuyi sindinalembepo chiwerengero cha anthu olowa, koma ndalama zokha, ndipo bwalo lathu ndi lotchingidwa ndi mpanda wa udzu womwe uli ndi mipata imene aliyense pamudzi amaidziwa. Loweruka likubwerali ndipempha komiti kuti tiimitse kaye mkangano wa mtengo mpaka titawerenga anthu pa masewero anayi apakhomo otsatizana. Amayi a ku Ndirande, ndithandizeniponso pa chinthu chimodzi: kodi anthu oima pachipata ndi bwino akhale a m'komiti momwemo, kapena tipemphe anthu apadera, monga a ku mpingo, amene sadziwana kwambiri ndi ochemerera athu?