Thandizeni, woyimba country amene bambo anga amamukonda

Membala wobisa dzina: Abale, mutu wanga sukugwira. Loweruka bambo anga akukwanitsa zaka 70, ndiye ndikufuna MC anene mbiri ya woyimba country amene iwo amamukonda, nyimbo zake zikulira chapansipansi. Makaseti awo onse anabwereka alamu anga, mpaka lero angoti mawa, mawa. Achimwene a ku Joni sanatumize olo ya Fanta koma akulamula matenti awiri. Nkhuku ndagula ndekha. Woyimbayo ndi mzungu, mawu ake ndi a besi. Ndiyambire pati?

Bambo a mapasa: Dzina lake ndani? Olo nyimbo imodzi?

Mdala wa Country: Palibe chofunsa apa, ndi Don Williams basi! Anabadwa mu 1939 ku Floydada, Texas. Anayambira m'gulu la Pozo-Seco Singers, kenako n'kuima payekha ku Nashville. Munthu wosakuwa, wosadumphadumpha, kungokhala pampando ndi gitala, chipewa chakutha kumutu. Mu 1997 anafika mpaka ku Harare. Anatisiya mu Seputembala 2017. MC aloweze zimenezi.

Mayi wa ku Zomba: Besi? Ameneyo ndi Jim Reeves. Malemu bambo anga Lamulungu sankapita kutchalitchi asanamumvere.

Mdala wa Country: Mayi, Jim Reeves anafa pangozi ya ndege mu 1964, bambowa akadali kupulayimale!

Mayi wa ku Zomba: Ndiye makaseti ake anapsera limodzi m'ndegemo?

Wa kabaza: Alamu ndi choncho. Anga anabwereka wailesi, ndinakaipeza pachikole kumowa.

Achemwali a ku Area 25: Bambo ali moyo, mukufunsa ife? Ana a masiku ano! Funsani amayi anu ngati mukubisa.

Mdala wa Country: Wina asayerekeze kutchula Kenny Rogers. Zija ndi za pop. Country yeniyeni ndi gitala wamba, gitala ya steel ndi nkhani yogwira mtima. Don zina ankapeka yekha, zambiri anamulembera Bob McDill.

Bambo a mapasa: Ing'ung'uzani nyimboyo pa voice note, anyamata oika nyimbo mu flash kumsika aizindikira.

Membala wobisa dzina: Pepani, ndinali kuchigayo. Pakaseti anali ndi ndevu.

Mdala wa Country: NDINANENA INE!

Wa kabaza: Kenny nayenso ndevu anali nazo, mdala.

Membala wobisa dzina: Nanga tenti yotchipa ndingaipeze kuti?